MIYEZI 6 KU MANGALANDE: ZIMENE TIDAONA KU LEICESTER



Chibwerereni kuchokera ku Mangalande mafunso sakutha. Tikangotuluka mu mzikiti tsiku la Ijumaa, anyamata amatizungulira kufuna kudziwa ngati tidalowako m'bwalo la mpira. Azibambo amafunsa za ndalama. Koma funso limene lidatisowetsa tulo lidachokera kwa mayi ena achikulire, amene mwana wawo wamkazi akugwira ntchito yosamalira okalamba kumeneko. Mayiwa adatipeza pakhonde la madrasa, adakhala pansi, ndipo utatha moni adati: "Mwalimu, inu mwaliona dzikolo. Tandiuzani zoona, kodi mwana wanga ndi adzukulu anga akakhalabe Asilamu kumeneko?"

Tidawayankha mwachidule tsiku limenelo, koma mtima wathu sudakhazikike. N'chifukwa chake tatenga cholembera kuti tifotokoze bwino zimene tidaona ndi maso athu, kuti amene muli ndi abale kumeneko, ndi amene mukulingalira za ulendo, mudziwe chimene chili kutsidyako. Tidakhala mu mzinda wa Leicester kuyambira mu Okutobala 2023 mpaka mu Epulo 2024, pa maphunziro a aphunzitsi a madrasa.

DZIKO LAKE NDI MZINDA WAKE

Ife kuno timangoti ku Mangalande, koma dzina lenileni ndi United Kingdom, ndipo muli maiko 4: England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland. Munthu wa ku Scotland mukamutchula kuti Mngelezi nkhope imagwa, monga momwe Myao wa kwa Makanjira angachitire mutamunena kuti ndi Mngoni. Mzinda wathu wa Blantyre udatenga dzina ku tauni yaing'ono ya ku Scotland komwe David Livingstone adabadwira mu 1813. Mfumu yawo ndi Charles III, amene adalowa ufumu mu 2022 mayi ake, Mfumukazi Elizabeth II, atamwalira.

Tidatera pa bwalo la ndege la Heathrow titadzera ku Addis Ababa. Manyazi oyamba tidawaona pogula tikiti ya basi. Tidauza wogulitsa kuti tikupita ku "Leyisesita," monga momwe dzinali limalembedwera. Iye adatiyang'ana pang'ono, adamwetulira, nati, "Lesta?" Apo tidadziwa kuti Chingelezi cha eni ake chimameza zilembo. Mzindawu uli pakati pa England, makilomita pafupifupi 160 kumpoto kwa London.

Zinthu zina sizidali zachilendo. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kuno, ndipo pulagi ya magetsi ndi yomweyi ya mano 3. Koma chimene chidatiimitsa mtima chidachitika m'sitolo ina m'dera la Highfields. Tikulankhula pa foni ndi akunyumba, mkulu wina wachimwenye wa ndevu zoyera adatigwira paphewa nati, "Muli bwanji achimwene? Kumudzi n'kuti?" Mkuluyu adabadwira ku Malawi konkuno. Mabanja ambiri achimwenye adasamukira ku Leicester m'zaka za m'ma 1970, boma lathu litawaletsa kuchita malonda m'midzi. Enanso adachokera ku Uganda atathamangitsidwa ndi Idi Amin mu 1972. Mpaka lero m'nyumba zina za mu mzindawu mumaphikidwa nsima.

MONI WA PA LIWIRO

Kwathu kuno moni ndi ntchito. Munthu amaima, amafunsa za ana, za odwala, za mvula, ngakhale za mwera pa nyanja. Kumeneko moni ndi mawu awiri: "You alright?" Tsiku loyamba tidayesa kuti tikuoneka odwala. Tidaima n'kuyamba kufotokoza za chimfine ndi kutopa kwa ulendo, koma tisanafike pakati pa nkhani mwini funso adali atakhota kale pa ngodya ya msewu. Kenaka tidaphunzira kuti silifuna yankho lalitali. Mumangobweza mawu omwewo uku mukuyenda.

M'basi ndi m'sitima anthu sapatsana moni. Mukhoza kukhala mpando umodzi ndi munthu ola lathunthu osamva mawu ake, ndipo kumuyang'anitsitsa ndi mwano. Koma potsika basi aliyense amathokoza dalaivala, ambiri ndi mawu akuti "Cheers." Ife mawu amenewa tinkawadziwa kuti ndi a anthu ogundanitsa matambula a mowa, motero poyamba tinkawapewa. Kumeneko amatanthauzanso zikomo, nthawi zina tsalani bwino.

Nyumba yoyandikana ndi kumene tinkagona kudali gogo ena achizungu okhala okha. Mmawa woyamba adatiponyera moni wakuti, "Ay up, me duck." Tidaima kakasi. Kodi talakwanji kuti titchedwe bakha? Anzathu adaseka kwambiri, natiuza kuti m'chigawo cha Leicester amenewo ndi mawu achikondi, monga momwe agogo kuno amanenera kuti "mwanawe" kapena "bambo wanga."

Mawu ena amene mudzawamva mpaka kutopa nawo ndi "Sorry." Mukamuponda munthu phazi, wopondedwayo ndiye amayamba kupepesa. Akafuna kudutsa amati sorry, akapanda kumva amati sorry, ngakhale akakwiya amayamba ndi sorry.

Chenjeraninso ndi ichi: Mngelezi kawirikawiri sanena chinthu molunjika. Akati "Not bad," ndiye kuti zinthu zili bwino ndithu. Akamva maganizo anu n'kunena kuti "Interesting," mwina sakugwirizana nanu. Akati mudzabwere kwathu tsiku lina tidzamwe tiyi, amenewo ndi mawu otsanzikira chabe. Kuitana kwenikweni kumakhala ndi tsiku ndi ola. Kufika pakhomo la munthu n'kuodira musanapangane kumamuzunguza mutu, ndipo mukamupeza akudya musayembekezere madzi osamba m'manja.

Nkhani ya maina ndiyo idatikanika mpaka tsiku lobwerera. Ana amatchula akulu ndi dzina lawo loyamba. Mphunzitsi wathu wina, wa msinkhu wa bambo athu otibereka, adatipempha kuti tizimutchula dzina basi. Lilime lathu lidakana. Gogo aja nawonso adatiuza dzina lawo, koma ife tidapitiriza kuwatcha gogo, mpaka adazolowera n'kumayankha.

MZERE NDI WOTCHI

Ngati pali chinthu chimene Angelezi amachilemekeza ngati mwambo wa makolo, ndi mzere. Pokwerera basi, ku positi ofesi, m'sitolo, ku chipatala, wofika pambuyo amaima pambuyo. Palibe wapolisi woyang'anira, palibe wonena kuti ine ndine bwana. Wina akadumpha mzere samukalipira, koma maso onse amamulasa mpaka iye mwini achite manyazi.

Ife tidaganiza za kwathu, momwe timakankhirana pa doko mabwato a usipa akafika, kapena pokwera minibasi, momwe mayi wobereka mwana amatsalira kunja. Chonsecho ndife anthu amene kasanu pa tsiku timaima pa safu mu mzikiti, phewa ndi phewa, wolemera ndi wosauka. Mzere timaudziwa bwino. Timangousiya pakhomo pamodzi ndi mkeka woswalirapo.

Nthawi nayonso samaseweretsa. Mukapangana 10 koloko, ndi 10 koloko. Mukachedwa mphindi 10 muyenera kuimba foni. Kwa dokotala mukachedwa mukhoza kuuzidwa kuti mupangane tsiku lina. Ndipo pocheza, nkhani yotsegulira kukamwa ndi nyengo. Mvula yawo si yamabingu ngati yathu. Ndi yowaza, yosatha, yofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo. M'nyengo yachisanu dzuwa likhoza kuwala bwinobwino koma osatenthetsa ngakhale chala.

SAFUNSA ANADYA PHULA

Tsopano tifike pa nkhani imene Msilamu aliyense ayenera kuimvetsa, ya chakudya.

Tsiku lina tidagona pa nyumba ina ya alendo kunja kwa mzinda. Mmawa adatifunsa ngati tikufuna kadzutsa wathunthu wa Chingelezi. Ife podziyesa ochenjera tidati inde, koma musaikemo bacon kapena soseji. Mbale idabwera ndi mazira, nyemba za m'chitini, tomato wokazinga, bowa ndi buledi. Pambali padali kanthu kakuda kozungulira, kooneka ngati chikondamoyo chopserera. Tidanena Bismillah, foloko ili m'manja, koma mtima udatigunda. Tidaitana mtsikana woperekera zakudya n'kufunsa. Iye adati ndi black pudding, ndipo atationa kuti sitikumva adafotokoza kuti ndi magazi a nkhumba osakaniza ndi mafuta ake ndi phala la oats. Mtsikanayo adapepesa kwambiri, natenga mbale yonse, n'kutibweretsera buledi ndi tiyi. Iye sadalakwe. Ife ndife tidatchula zinthu ziwiri zokha mmalo monena kuti sitidya chilichonse cha nkhumba.

Vuto ndi lakuti nkhumba kumeneko ili ndi maina ambiri. Lembani awa ndipo muwatumizire abale anu: pork, ham, bacon, gammon. Lard ndi mafuta a nkhumba, ndipo amalowa m'zophikaphika zina za ufa. Gelatine, amene amapezeka m'masiwiti ofewa a ana, nthawi zambiri amachokera ku nkhumba. Soseji yosatchulidwa nyama yake muiyese ya nkhumba. Scotch egg ndi dzira lokutidwa ndi nyama ya soseji.

Maina ena amanamiza. Toad in the hole mulibe chule, koma muli soseji. Mince pie wa pa Khirisimasi mulibe nyama, muli zipatso zouma, koma ena amathiramo kachasu wotchedwa brandy. Masiwiti a wine gums mulibe vinyo, koma muli gelatine. Mawu akuti pudding okha ali ndi matanthauzo angapo: chotsekemera chilichonse chodya pambuyo pa chakudya, Yorkshire pudding amene ndi ufa, mazira ndi mkaka wodyera nyama tsiku Lamulungu, ndi wamagazi uja.

Chabwino ndi chakuti lamulo limakakamiza opanga zakudya kulemba pa paketi zonse zimene zili m'kati. Amene amawerenga sagwa m'mbuna. Chakudya cholembedwa kuti n'choyenera anthu osadya nyama chimakhala chopanda nkhumba, koma muonebe ngati mulibe mowa. M'mizinda ngati Leicester, Birmingham ndi Bradford mabutchala a halali ali ponseponse, ndipo ambiri amapachika chikalata chosonyeza kuti nyama yawo imayenderedwa. Kufunsa si mwano kumeneko. Anthu adazolowera ofunsa za chakudya chifukwa cha matenda kapena chipembedzo.

NSOMBA YOPANDA MUTU NDI TIYI WA KWATHU

Ife ana a kunyanja tidafuna kulawa nsomba yawo yotchuka, imene amadya ndi tchipisi. Ndi nsomba za m'nyanja yamchere, cod kapena haddock. Amachotsa mutu ndi minga, amaviika mnofu m'phala la ufa wa tirigu n'kukazinga m'mafuta ambiri. Pa tchipisi amawaza mchere ndi viniga, pambali n'kuika nsawawa zophwanya. N'chakudya chokoma ndi chokhutitsa, koma funsani ngati m'phala lija sadathiremo mowa, chifukwa malo ena amatero. Titawauza anzathu kuti kwathu mutu wa chambo amapatsa mwini nyumba kapena mlendo wolemekezeka, adagwira pakamwa. Ambiri a iwo sadadyepo nsomba yowayang'ana.

Ngakhale dzikoli ndi chilumba, ndipo palibe malo otalikira nyanja kuposa makilomita pafupifupi 113, Leicester ili m'gulu la malo akutali ndi madzi. Miyezi 6 yonse sitidamve phokoso la mafunde, ndipo ichi chidatipweteka kuposa chisanu.

Tiyi ndiye mankhwala a chilichonse. Mlendo akafika, tiyi. Wina akalira, tiyi. Wokonza mipopi akabwera, tiyi. Amamwa wa m'timatumba, ndi mkaka wozizira pang'ono, ambiri opanda shuga. Wina mwa masamba ali m'timatumbamo ndi wa ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo ku Mulanjeko minda ya tiyi idayamba m'zaka za m'ma 1890. Koma apanso pali msampha. M'mabanja ambiri a pakati ndi kumpoto kwa England, mawu akuti "tea" amatanthauzanso chakudya chamadzulo, ndipo "dinner" ndi nkhomaliro. Mukaitanidwa ku tiyi 6 koloko madzulo, musadyeretu kunyumba.

Malo amene Angelezi amakumanirana akaweruka ndi pub, nyumba ya mowa. Anzanu a ku ntchito adzakuitanani, osati mwachipongwe koma mwaubwenzi. Kanani mwaulemu n'kunena chifukwa chake mosabisa. Ambiri amalemekeza munthu wonena zoona kuposa wopeka zifukwa sabata ndi sabata.

DZUWA LOSAKHAZIKIKA

Kuno kwathu usana umatalika pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse, motero nthawi za swala timazidziwa ndi thupi. Kumeneko zimasuntha kwambiri. Mu Disembala ku Leicester dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko mmawa, ndipo limalowa isanakwane 4 koloko madzulo. Dhuhr imalowa cha m'ma 12 koloko, Asr isanakwane 2 koloko, Maghrib isanakwane 4 koloko. Swala zitatu m'maola 4, zonse m'kati mwa nthawi ya ntchito ndi sukulu! Tiulule pano kuti sabata ina ya Disembala, ife amene timaphunzitsa ana za swala, Asr idatidutsa kawiri tili m'kalasi. Titasuzumira pa windo tidapeza kunja kwada. Kuyambira pamenepo tinkayenda ndi udhu ndi kamkeka m'chikwama, ndipo tidapempha aphunzitsi mphindi 5. Sadakane.

Mu Juni zinthu zimatembenuka. Dzuwa limatuluka isanakwane 5 koloko mmawa n'kulowa cha m'ma 9:30 usiku. Abale adatiuza za Ramadhani ya 2016, imene idagwa mu Juni, pomwe ankamanga maola oposa 18 pa tsiku. Munthu akafuturu, akaswali Taraweh, nthawi ya dakwi yakwana. Ife tidachita mwayi, Ramadhani ya 2024 idagwa mu Malichi ndi Epulo, ndipo tinkamanga pakati pa maola 13 ndi 16.

Chinanso, boma limasintha wotchi kawiri pa chaka. Lamulungu lomaliza la Okutobala amabweza ola limodzi m'mbuyo, Lamulungu lomaliza la Malichi amalikankhira kutsogolo. Pa 29 Okutobala 2023 ife tidadalira wotchi ya pamkono, imene sisintha yokha ngati foni. Tidafika pa mzikiti kudzaswali Fajr ola lathunthu nthawi isanakwane, tidapeza chitseko chotseka, ndipo tidaima pa chisanu mano akugundana. Pa 31 Malichi 2024, m'kati mwa Ramadhani, futali amene dzulo lake adali cha m'ma 6:30 adapita cha m'ma 7:30. Dzuwa silidasinthe, idasintha ndi wotchi, koma mimba idadandaula ndithu.

M'mizikiti yambiri adhana samveka kunja. Mabanja amapachika kalendala ya nthawi za swala pakhoma, ena ali ndi kawailesi kolumikizidwa ku mzikiti wawo. Dziwaninso kuti mizikiti yambiri ya ku Leicester imatsata madhihabu a Imam Abu Hanifa, pomwe ambiri a ife kunyanja kuno timatsata Imam Shafi'i. Asr amaswali mochedwerapo, Amin amanena chamumtima, ndipo pa Fajr sawerenga Qunut masiku onse. Mwana wanu asadabwe kapena kuyambitsa mkangano. Onsewo ndi Asilamu anzake, ndipo kibla ndi imodzi.

TWAHARA NDI AGALU

M'zimbudzi zawo mulibe madzi odziyeretsera, muli mapepala okha. Msilamu amayenda ndi kabotolo m'chikwama, ndipo m'nyumba za Asilamu mumakhala kajagi pambali. M'nyumba zakale mipopi ili iwiri yosiyana, wina wa madzi otentha ngati a pamoto, wina ozizira ngati a m'firiji. Kupanga udhu pamenepo ndi luso: dzanja limathamanga uku ndi uku.

Galu kumeneko ndi wa m'banja. Amagona m'nyumba, amakwera basi, ena amavala majuzi. Mwini wake amayenda ndi timapepala ta pulasitiki totolera chimbudzi cha galuyo, chifukwa akasiya pa msewu amalipitsidwa. M'paki galu akhoza kukuthamangirani kudzakununkhizani, mwini wake akumwetulira. Musatole mwala, pakuti kuzunza nyama ndi mlandu. Imani chilili, mupemphe mwini wake amugwire. Malamulo a najisi ya galu mukuwadziwa. Ife tidasankha kusunga zovala zoswalira pazokha.

GOGO A PA NYUMBA YACHIWIRI

Chimene chidatimvetsa chisoni koposa ndi moyo wa okalamba. Ambiri amakhala okha, ena amakasungidwa ku nyumba za okalamba, kumene ana athu ochokera kuno akugwira ntchito. Gogo athu aja amuna awo adamwalira, ndipo mwana wawo wokhala mu mzinda wina tidamuona kamodzi, pa Khirisimasi. Maliro nawonso ndi a anthu ochepa. Thupi limasungidwa masabata awiri kapena atatu, ndipo ambiri amaotchedwa mmalo moikidwa m'manda. Munthu akhoza kumwalira nyumba yachitatu inu osadziwa. Asilamu ali ndi zigawo zawo m'manda a mzinda, monga ku Saffron Hill ku Leicester, ndipo ali ndi magulu othandiza kuti janaza isachedwe.

Poona izi tidafulumira kuweruza kuti anthu awa alibe chikondi. Koma tsiku lina lachisanu choopsa tidapeza magolovesi aubweya pakhomo pathu, popanda kalata. Patapita masiku tidazindikira kuti adali a malemu amuna a gogo aja. Iwo adationa pa windo tikupita ku Fajr manja ali m'khwapa. Titapita kukathokoza adachita manyazi, nasintha nkhani n'kuyamba kukamba za mvula.

M'mwezi wa Ramadhani tidaphika futali wa mbatata ndi chiponde, n'kuwapatsira mbale. Patapita masiku awiri mbale idabwera ndi masikono otentha. Pamwamba padali kapepala, pomwe gogowo adalemba ndi dzanja lonjenjemera zonse zimene adaikamo: ufa, batala, mkaka, shuga. Pansi adalemba kuti mulibe lard, ndipo adadula mzere kunsi kwake. Mayi amene sadalowepo mu mzikiti adavutika kufufuza chimene mnansi wake sadya. Tidadya masikono aja pa futali misozi ili m'maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

ASILAMU A KUMENEKO

Chisilamu si chachilendo ku Mangalande. Mzikiti wa Shah Jahan ku Woking udamangidwa mu 1889, ndipo chaka chomwecho Abdullah Quilliam, Mngelezi wolowa Chisilamu, adatsegula mzikiti ku Liverpool. Kalembera wa 2021 adapeza Asilamu 3.9 miliyoni ku England ndi Wales, amene ndi 6.5 mwa anthu 100 alionse. Mu Leicester pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 4 ndi Msilamu. Sadiq Khan, Msilamu, adasankhidwa kukhala meya wa London mu 2016, ndipo adasankhidwanso mu 2021 ndi mu 2024. Anyamata okonda mpira akumbukira kuti Leicester City itatenga ligi mu 2016, m'timumo mudali Asilamu Riyad Mahrez ndi N'Golo Kanté.

Sitikunena kuti kulibe chidani. Mu Julayi 2024, ife titabwerako, gulu la anthu lidaphwanya mpanda wa mzikiti wa ku Southport chifukwa cha mphekesera yabodza yakuti amene adapha ana atatu m'tauniyo ndi Msilamu, ndipo zipolowe zidafalikira m'mizinda ina. Koma kutacha, anthu a m'deralo, ambiri osakhala Asilamu, adabwera ndi matsache ndi njerwa kudzakonza. Mitundu iwiri yonseyi ya anthu iliko.

Madrasa kumeneko amalowa madzulo, kawirikawiri 5 koloko mpaka 7 koloko, ana atachoka kusukulu. M'nyengo yachisanu amapita kuli mdima n'kubwerera kuli mdima, ndipo makolo amalipira. Chimene chidatigwira mtima ife aphunzitsi n'chakuti m'kalasi mulibe chikoti. M'sukulu za boma kumenya ana kudaletsedwa mu 1987, ndipo mphunzitsi aliyense wokweza dzanja pa mwana akhoza kuonana ndi apolisi. Poyamba tidati ana otere sangaphunzire. Koma tidaona anyamata ndi atsikana a zaka 12 ndi 13 ataloweza majuzu ambiri, ena Qur'an yonse. Mphunzitsi amalemba m'kabuku zimene mwana wawerenga, kholo limasaina usiku uliwonse. Ife tidakumbukira kamtengo kathu ka bulugamu kokhala pakona pa madrasa, ndi ana angapo amene adasiya kubwera chifukwa cha iko. Titafika kuno tidakathyola. Chiwerengero cha ana sichidatsike, chidakwera.

Koma tidaonanso chomvetsa chisoni. Tidacheza m'mabanja ena ochokera kwathu konkuno momwe ana samva Chichewa kapena Chiyao. Agogo awo akaimba foni kuchokera ku Mangochi, mwana amangoti "Hello" n'kubweza foni kwa mayi ake. Makolo amagwira ntchito usiku ndi usana kuti alipire lendi ndi kutumiza ndalama kumudzi, ndipo sapeza nthawi yoperekeza mwana ku madrasa.

YANKHO LATHU KWA MAYI AJA

Amayi, funso lanu lija tikuyankha tere. Ku Mangalande palibe amene adzaletse mwana wanu kuswali, kumanga kapena kuvala hijabu. Mizikiti ilipo, nyama ya halali ilipo, madrasa alipo. Koma kulibenso amene adzamudzutse. Kuno adhana imalowa pa windo, mnansi amagogoda, azakhali amafunsa. Kumeneko munthu amadzidzutsa yekha, mu mdima, pa chisanu, atatopa ndi ntchito ya usiku. Amene adachoka kuno akuswali chifukwa choopa maso a anthu, kumeneko amasiya. Amene adachoka akudziwa chifukwa chimene amaswalira, tidawaona akulimbikira kuposa ife.

Tsono ntchito ili kwa ife otsala. Mukaimba foni musayambe ndi kufunsa ndalama. Funsani ngati adzukulu alembetsedwa ku madrasa, funsani dzina la mzikiti umene amapitako. Lankhulani ndi adzukuluwo m'chinenero chanu ngakhale ayankhe mokhota, ndipo muwapemphe akuwerengereni sura imene aphunzira sabata imeneyo. Musawasenzetse zopempha zochuluka, chifukwa paundi iliyonse imene imafika kuno ndi ola limene kholo silidakhale ndi mwana wake.

Kwa achinyamata ofuna ulendo, dziwani kuti kuyambira mu Julayi 2025 boma la kumeneko lidasiya kulandira anthu atsopano ochokera kunja pa ntchito yosamalira okalamba. Wina akakuuzani kuti gulitsani bwato ndi chilimira kuti akupezereni ntchito imeneyo, gwirani thumba lanu.

Ife tidabwerako ndi zinthu zitatu zoti tiphunzitse ana athu: kuima pa mzere, kusunga nthawi, ndi kuphunzitsa popanda chikoti. Tidasiya komweko chisanu, nsomba yopanda mutu, ndi nyumba zokhala nkhalamba yokha. Magolovesi aja tili nawo m'bokosi, ngakhale ku Mangochi alibe ntchito. Gogo athu timawalembera kalata, ndipo iwo amayankha, nthawi zonse poyamba ndi nkhani ya mvula.

Tikupempha Allah asunge ana athu onse amene ali m'maiko a eni, awalimbitse pa swala, awapatse rizki la halali, ndipo awabweze kwawo ali amoyo. Amin.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.